Fisi Woyamba wa Peggy

Amene anaipitsa dzina la mwana wanga Peggy ndi Ba Lighton, mkulu wa achinyamata pa mpingo wathu kuno ku Kafue, yemwenso amayang'anira gulupu ya mpingo pa WhatsApp. Anatenga chithunzi chimene mwanayo anatumiza, anadula nyama imene inali pa chithunzicho n'kusiya mawu okha, kenaka anamwaza tauni yonse. Dzina ndatchula poyera. Ngati ndanama, adziwa pamene ndimagulitsira nsomba.

Inu amene mumakonda kuwerenga za anthu amene anagwa n'kudzukanso, nayi ina. Koma musayembekezere kuti ndiikamba moseka. Ndikali wokwiya, ndipo mtima wanga sunakhale pansi.

Mu Disembala chaka chatha Peggy anali kugona m'chipinda masana onse, bulangete kumutu, zenera lotseka. Nshima ndikamuikira, ndimakaipeza madzulo itauma pamwamba. Asanapite kuchimbudzi amayamba wasuzumira ngati panjira palibe munthu. Mtsikana amene amasenza dishi ya nsomba kuchoka pa siteshoni mpaka pamsewu waukulu osatula, anafika poti akaimirira agwire khoma.

"Amama, gulisani chabe foni iyi," anandiuza tsiku lina, nkhope ili kukhoma. "Ku kampu sinizabwelelako."

Kuti mumve bwino, ndiyambire kumbuyo.

Atate ake, a Fackson, anali msodzi ku Chanyanya. Bwato linagubuduka ndi mphepo, anakawapeza m'mabango. Peggy anali giredi 7. Tinasamukira mu tauni, ine n'kuyamba kuoda nsomba kwa anzawo a malemu, kumagulitsa m'mbali mwa msewu waukulu, paja timakweza nsomba m'mwamba kuti a motoka aone. Peggy analemba giredi 9, analephera. Analembanso, analepheranso. Sukulu inathera pomwepo. Anzake akudutsa ndi mayunifomu a sekondale, iye ali pambali panga ndi mpeni, akupala mamba, ntchentche zili pamiyendo.

Pa makasitomala athu panali Ba Idah, amene amaphikira alendo ku kampu ina ya nyama m'mbali mwa Zambezi, kupitirira Chirundu. Motoka yawo ikamachokera ku Lusaka ndi katundu imaima pathu. Ba Idah amasankha nsomba, kenaka n'kuima kumayang'ana manja a Peggy. Tsiku lina anati:

"Amake Peggy, nipaseni uyu mwana. Ku kicheni nifuna munthu wamene sakamba-kamba."

Ndinakana. Madzi anandidyera mwamuna, ndipereke ndi mwana yemwe? Koma Peggy anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti ndikamusunga pamsewu paja adzakalambira pa dishi ngati ine. Anapita.

Ntchito yake inali kutsuka mapoto, kupala nsomba, kusenda mbatata. Alendo amabwera pa ndeke, amakwera motoka yopanda denga kukaona nyama, iye ali kuseri kwa mpanda wa udzu manja ali m'madzi a sopo. Nyama amazimva chabe kulira, kapena kupeza ndowe za njovu panjira ya kukicheni m'mawa. Anagula foni yakale kwa mnzake, yosweka galasi pakona, n'kuyamba kujambula chilichonse chodutsa kuseri kuja: anyani, njiri, abuluzi. Zoyambazo zinali zomvetsa chisoni. Ananditumizira china akuti ndi mvuu, ine ndimaona mwala m'madzi.

Ba Elijah, bambo wachikulire amene amayendetsa alendo m'tchire, anamuona akulimbana nayo foniyo. Anamuphunzitsa kuti dzuwa lizikhala kumsana, zigongono azipanikize m'nthiti, asapume pamene akudina. Chachikulu, adikire. Kudikira Peggy amadziwa kale. Munthu amene wakula akuimirira pamsewu nsomba ili m'mwamba, motoka zikudutsa osaima, sauzidwa za kudikira. Anzake akagona masana, iye amakhala pachitsa kuseri kwa kicheni, foni m'manja, mpaka mbalame zinamuzolowera.

Kampu imatseka mu Novembala mvula ikayamba. Asanatseke, mabwana amapatsa antchito ulendo wawo. Akukicheni, ochapa, osesa, onse amakwera motoka ija ngati alendo, n'kuzungulira tchire m'mawa wonse. Ndipo kumeneko ali ndi kachizolowezi kawo, anatengera kwa alendo omwewo. Munthu akaona nyama koyamba m'moyo wake amanena kuti ndi yake: njovu yanga yoyamba, njati yanga yoyamba, anzake n'kumuombera m'manja.

Peggy anajambula mpaka batire kutha. Atafika pamene pali netiweki anatumiza zithunzi ku gulupu ya mpingo, poti amaimba kwaya ndipo anzake onse ali mmenemo. Amafuna aone kuti naye wafikako kwina. Pansi pa chithunzi chilichonse analemba monga amakambira ku kampu. "Njovu yanga yoyamba." "Mkango wanga woyamba." Pa chomaliza analemba kuti: "Fisi wanga woyamba. Ninaopa maningi pamene anafika pafupi, koma anali wofatsa. Sinizaiwala."

Mwana wobadwira ku Chanyanya, wokulira ku Kafue, fisi amene amadziwa ndi wa miyendo inayi. Ine ndine wa ku Katete, Ba Lighton nawonso kwawo ndi kummawa. Ife timadziwa fisi winayo, mwamuna amene kale amamulowetsa mobisa kwa namwali akamatuluka m'chinamwali. Mwana wanga sindinamuuzepo zimenezo. Ndikanamuuziranji?

Ba Lighton anadula nyamayo. Anasiya mawu aja ndi kankhope ka Peggy pamwamba, anaonjezapo tinkhope toseka, n'kutumiza ku magulupu ena. Pofika tsiku limene Peggy anatsika basi ndi chikwama chake, amene samadziwa tanthauzo anali atauzidwa kale. Makondakita pa siteshoni anayamba kulira ngati afisi. Wina anamufunsa ngati pali malo a wachiwiri. Mwanayo anafika panyumba osadziwa chimene walakwa. Ndine ndinamukhazika pansi n'kumumasulira, ndipo nkhope imene anaonetsa tsiku limenelo sindifuna kuionanso.

Ndinapita kwa Ba Lighton pa kantemba, kasitolo kawo ka mafoni.

"Ba Lighton, chithunzi cha mwana wanga munachiduliranji?"

"Aa, ba mayo, inali joki chabe. Bantu ba masiku ano sibaziba kuseka."

"Tumizani chathunthu, anthu aone nyama."

"Ninachifuta kudala. Mu foni munalibe malo."

Munthu wogulitsa mafoni, mu foni mulibe malo.

Atsikana ena a kwaya, amene anaona chathunthu, anayamba kufunsa mu gulupu. Apa mpamene Ba Lighton anatembenuza nkhani. Anapita kwa abusa ndi akulu a mpingo n'kunena kuti chabwino, ndi nyama, koma ndi mkhristu wotani amene anena kuti fisi ndi wake? Amakhala ndi afisi awoawo ndani, ngati si mfiti? Liwu limodzi lija, "wanga", analigwira osalisiya.

Anatiitana Loweruka masana m'tchalitchi. Abusa athu si munthu woipa, koma amaopa mizimu kuposa mabodza. Anagamula kuti Peggy aime kuimba kwaya, afute zithunzi zonse pamaso pa mpingo, asiye ntchito ya kutchire, akwere kuphiri ndi gulu la mapemphero akamasulidwe.

Peggy anayesa kufotokoza. "Ba Pasta, ni mwamene tikambila ku kampu. Na pa njovu ninalemba yanga."

Ba Lighton anatembenukira akulu aja. "Mwamvela? Na njovu ali nayo."

Ena anaseka. Tinabwerera kunyumba, Peggy n'kulowa m'bulangete muja.

Miyezi ya mvula inapita choncho. Ine ndikakhala pamsewu, mtima uli kunyumba. Mankhwala a makoswe ndinakataya m'chimbudzi. Chingwe choyanikira zovala ndinachimasula n'kupatsa aneba. Sananenepo kuti adzichita choipa, koma ine ndimaona maso ake. Ndikafika pakhomo ndimayamba ndaima, kumvetsera ngati mkati muli kupuma, kenaka ndi pamene nditsegule. Anzake a kwaya anabwera kamodzi, anaimirira panja, anapemphera mofulumira n'kupita. Foni sindinagulitse. Ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuikwirira m'chitini cha ufa.

Mu Malichi Ba Idah anandiimbira. Anati kampu itsegula mu Epulo, motoka idzadutsa pathu Lachisanu loyamba la mwezi. Anatinso Ba Elijah anaonetsa mabwana zithunzi zimene Peggy anawatumizira, ndipo avomera kuti chaka chino akamaliza mapoto azikwera nawo motoka, aphunzire ntchito yoyendetsa alendo.

"Koma akapanda kupezeka pa museu, amake Peggy, nizatenga wina. Bofuna nchito ni bambili."

Ndinathamangira kunyumba, nsomba ndinasiyira anzanga. Ndinamuuza Peggy, ndikuganiza kuti adzuka. Sanasunthe n'komwe.

"Nikayenda bazakamba ati nabwelela kuli fisi wanga. Nikankhala bazaiwala."

"Saiwala awa. Ukakhala, adzati wavomera."

Anakoka bulangete.

Kupemphera ndinapemphera, koma ukali sunachoke. M'mawa wina ndinafukula foni m'chitini, ndinapukuta ufa, ndinapita ku situdiyo ya zithunzi pafupi ndi msika. Ndinati anditulutsire fisi uja wamkulu ngati kalendala, ndi mawu ake pansi, osachotsa ngakhale limodzi. Wa situdiyo anawerenga, anandiyang'ana, anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Ndinati tulutsani. Chithunzicho ndinachikuta ndi pulasitiki n'kuchikhoma pa mtengo wa tebulo langa, kuyang'ana kumsewu.

Masiku oyamba nsomba zinandionongekera. A mpingo amadutsa tsidya lina la msewu. Mayi wina amene wakhala akugula kwa ine zaka zonsezi analavula pansi n'kukagula kwa wina. Zotsala ndimazing'amba n'kuyanika, mawa lake ndili pomwepo.

Nditamuuza Peggy zimene ndachita, anadzuka n'kukhala tsonga. Kanali koyamba kumuona akukalipa.

"Amama, mufuna kunipaya? Kachoseni."

"Sindichotsa. Ukafuna, kachotse wekha. Njira uidziwa."

Ndinakamba molimba pakamwa pokha. Ndimaopa kuti mwina ndaonjeza, kuti ndikabwera madzulo ndidzapeza zimene ndakhala ndikuopa. Tsiku lotsatira sanabwere. Linzake sanabwere. Epulo analowa, Lachisanu lija likuyandikira. Maso anga amakhala pa kanjira kochokera ku komboni, mpaka makasitomala kumandikumbutsa kuti nsomba sindinakulunge.

Anabwera Lachitatu, chitenje kumutu ngati wopita kumaliro, akuyenda m'mbalimbali. Anapeza amayi anzanga ogulitsa ataunjikana pa chithunzi akukangana, monga amachitira motoka zikachepa. Mwandida, amene tebulo lake lagundana ndi langa ndipo pakamwa pake sipatsekeka, anali kuloza ndi mpeni kanthu kakuda kamene fisiyo ananyamula kukamwa.

"Onani, chagwila kagalu ka bene. Vinyama ivi vilibe chifundo."

"Si galu uyo, ni kakolwe," anatero wina, kutanthauza kapusi.

"Kolwe wakuda so unamuona kuti? Ni galu. Olo kambuzi."

Peggy anali ataika kale dzanja pa msomali kuti azule. Anaima.

"Ni mwana wake," anatero pansipansi.

"Wati chani, iwe?"

"Ni mwana wake. Bana ba fisi babadwa bakuda. Samudya, amunyamula chabe. Mvula yoyamba inangena mu mugodi mwamene banali, manje anali kubasamusa, umozi-umozi. Tinazima motoka, tinayembekeza, mpaka anabwela na uyu. Anapita pafupi na tayala, apa so."

Mwandida anayang'ana chithunzi, anayang'ana Peggy, kenaka anakhala pansi pa dishi yovundikira.

"Imwe bantu. Kansi fisi wamene wavundula Kafue yonse ni muzimai? Wa bana?"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, a motoka anachepetsa liwiro kuti aone. Wina anagwira m'mimba, wina anatsamira tebulo nsomba n'kutsetsereka. Peggy poyamba anabisa nkhope m'chitenje, kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo ndinaona mano ake koyamba chiyambire Disembala. Ndinatulutsa foni m'chikwama n'kumupatsa. Amayi aja anamuzinga, akupukuta manja m'zitenje kuti asadetse galasi. Uyu afuna njovu, uyu afuna mkango, uyu akufunsa ngati azungu amalipiradi kuti akaone njiri.

Ba Lighton akamachokera ku Lusaka kukaoda katundu amatsikira pomwepo, pafupi ndi matebulo athu. Tsiku limenelo anatsika minibasi ndi katoni paphewa, n'kufuna kudutsa ngati sanatione. Mwandida sanawalole.

"Ba Lighton, bwelani mupeleke moni kuli bamuna ba Peggy. Koma pepani, bali bize, bayamwisa."

Anayesa kuseka nawo, sizinatheke. Anatula katoni n'kuyandikira Peggy.

"Sista, ba Pasta banakamba kuti ufute ivi."

Peggy anapanikiza foni pachifuwa.

"Sinifuta. Ninamuyembekeza, ninamujambula neka. Ni wanga."

"Ukachita so, va kwaya uibaleko."

"Nizaimbila ku kicheni."

Lachisanu anakwera motoka ya Ba Idah, pamsewu womwewo, masana, anthu akuona. Chitenje chinali m'chiuno, osati kumutu.

Musaganize kuti kuchoka pamenepo zonse zinasalala. Mapoto akali kutsuka. Amadzuka anzake asanadzuke kuti amalize za kukicheni motoka isananyamuke, akachedwa imamusiya. Mayeso a oyendetsa alendo ndi a Chizungu, odzaza maina a mbalame ndi mitengo. Analemba, analephera. Anandiimbira akulira. Ndinamuuza kuti unalepherapo kale, sunafe, pukuta mamina. Akuwerenganso, Ba Elijah amamufunsa maina aja ali panjira, akaphonya amamubwereza.

Koma tsopano amakhala pampando wakutsogolo. Ndi iye amathirira alendo tiyi m'tchire, ndi iye amawalozera mapazi a nyama pamchenga. Zithunzi zake zina mabwana anaziika pa timakadi, alendo amagula n'kupita nato kwawo pa ndeke, kumbuyo kwake kuli dzina lake ndi la atate ake. Ananditumizira kamodzi ka nkhwazi itagwira nsomba. Nthenga iliyonse ikuoneka, ndi madontho a madzi omwe.

Iwe mtsikana amene ukuwerenga izi uli m'bulangete chifukwa cha zimene anthu akutumizirana za iwe, dzuka ukasambe. Mtima usautaye chifukwa cha munthu wa pa kantemba. Chimene unapanga ndi manja ako usafute, ngakhale akuuze ndani. Ukalephera mayeso lembanso. Akakuseka, idya nshima, upite ku ntchito ngakhale uli ndi mantha.

Koma ine sindinamalize. Ku kwaya sanamubwezere. Ba Lighton akali kuyang'anira gulupu, akali kutsogolera mapemphero a achinyamata, ndipo liwu loti pepani silinatuluke pakamwa pawo. Makondakita ena akandiona ndi dishi akali kulira kuja. Kampu itseka mwezi wamawa. Dzulo Peggy anaimba foni.

"Amama, nibwele ku Kafue, olo nipemphe ba Idah ninkhale nabo ku Chirundu mpaka mvula ikasile?"

Ndinamuuza kuti ndimuyankha. Sindidziwa chomuuza. Mwana wanga ndimufuna panyumba, ndimuphikire, ndimuone akudya. Koma sindingamuitane kuti abwere adzamve zomwe zija pa siteshoni.

Ndiye ndikufunsa inu a Kafue, a ku Shikoswe, a ku Zambia Compound, a ku Estates, inu amene munalandira mawu odula aja n'kutumiza kwa ena, ndi inu amene munangoseka n'kukhala chete. Chithunzi chathunthu chili pa tebulo langa, aliyense angabwere ndi foni yake ajambule, sindilipiritsa. Mudzachitumiza monga munatumizira chija? Mwana wa a Fackson abwere kwawo kapena asabwere? Aimbanso Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndiyankheni lisanafike.